Dzino Lafumbwa: Mawu a Matenda a Mano m'Chigwa cha Domasi

Mtsinje wa Domasi umachokera pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, nutsetsereka kupita ku nyanja ya Chilwa. Apaulendo amene amaoloka mtsinjewu pochokera ku Zomba kunka ku Liwonde amaona madimba, nthochi ndi nzimbe, koma ndi ochepa amene amakumbukira kuti chigwa chimenechi chakhala chikusula mawu kwa zaka zoposa 100. M'chaka cha 1884 mbusa wa ku Scotland, Alexander Hetherwick, adatsegula mishoni ya Domasi m'dziko la mfumu Malemia, ndipo m'chaka cha 1889 adatulutsa buku lophunzirira Chiyao. Mbusa yemweyo ndiye adakonzanso dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott, imene idatuluka mwatsopano m'chaka cha 1929. Chaka chomwecho boma la atsamunda lidatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo kudzaphunzira, mwa zina, ukhondo wa pakhomo. Lero m'chigwamo muli Malawi Institute of Education, imene idayamba ntchito m'chaka cha 1982 ndipo imakonza silabasi ndi mabuku a m'sukulu, ndiponso Domasi College of Education, imene yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi a sekondale kuyambira 1993.

Kumalo kotere munthu akadayembekeza kuti nthenda iliyonse yogwira mwana wasukulu ili ndi dzina lomveka bwino. Komatu ilipo nthenda imodzi, yofala kwambiri, imene mawu ake akadali obalalika. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lidalengeza m'chaka cha 2022 kuti anthu pafupifupi 2 biliyoni ali ndi mano owonongeka, ndi kuti ana oposa 500 miliyoni ali ndi vuto lomwelo m'mano awo oyamba. Buku la sayansi limaitcha nthendayi dental caries kapena tooth decay. Mwana wa ku Songani kapena wa ku Malosa, amene mwina kunyumba amayankhula Chiyao nati lino ndi meno, pabwalo la sukulu nkumati dzino ndi mano, amaloweza mawu Achingereziwo kuti akhoze mayeso. Akafika kwawo tsaya litatupa, iye ndi agogo ake amatchula vutolo ndi mawu ena, ndipo mawu amenewo, osati a m'buku aja, ndiwo amalamula chimene banja lichite ndi dzinolo.

Liwu lomveka paliponse ndi lakuti dzino labowoka. Liwuli ndi loona, ndipo mitundu yakutali imaganizanso motero: anthu a ku Malaysia ndi Indonesia amati gigi berlubang, ndiko kunena kuti dzino la bowo. Chovuta chake nchakuti limatchula mapeto a nkhani. Dzino lili ndi magawo atatu. Kunja kuli chikuto choyera chimene madokotala amachitcha enamel, ndipo m'thupi lonse la munthu mulibe chinthu cholimba kuposa chimenechi, ngakhale fupa. Mkati mwake muli gawo lachikasu, lofewerapo, lotchedwa dentine. Pakati penipeni ndi pamene pali mtima wa dzino, mmene muli mitsempha ya magazi ndi ina yomvera ululu. Chikuto chija chilibe mitsempha, kotero kuti chikamadyeka munthu samva kanthu, ndipo chikabowoka sichimeranso monga limachitira khungu. Akuluakulu adati chakudza sichiyimba ng'oma. Pamene lilime layamba kukhudza bowo, nthendayo imakhala itagwira ntchito yake mwakachetechete kwa miyezi yambiri, kawirikawiri kupitirira chaka.

Ena amati dzino lawola, ndipo liwu lakuti caries nalonso m'Chilatini limatanthauza kuwola. Koma chinthu chowola, monga bango lapsa lagwa pansi, ndi chotaya basi. Munthu amene wauzidwa kuti dzino lake lawola saganizanso zolipulumutsa.

Liwu lokoma kwambiri m'khutu la mlimi ndi lakuti dzino lafumbwa. Amene adayamba kunena chomwechi adaliyang'anitsitsa dzino. Njere ya chimanga imene nankafumbwe walowamo imaoneka yathunthu, kabowo kake nkakang'ono ngati kobaya ndi singano, koma munthu akaifinya imangonyenyeka chifukwa mkati mwatsala ufa. Dzino limachita chimodzimodzi. Nthendayo ikadutsa chikuto cholimba chija pa kampata kakang'ono, imafika pa gawo lofewa nifalikira mofulumira kunsi kwa chikutocho, mpaka pamwamba pamatsala denga lopanda mzati. Tsiku lina munthu akutafuna chimanga chokazinga dengalo limagwa, iye nkumadandaula kuti chimanga chamuthyolera dzino, chonsecho chimangacho changomaliza ntchito imene idayamba kale. Mphunzitsi amene akufuna kuti ana amvetse chifukwa chake kadontho kakuda pa dzino nkoopsa sangapeze fanizo loposa limeneli m'buku lililonse.

Tsoka lake nlakuti liwu lomweli limabwera ndi mnzake wosocheretsa. Pamene pali kufumbwa payenera kukhala nankafumbwe, choncho anthu ambiri amakhulupirira kuti m'dzino lopweteka muli kachirombo, mbozi kapena mphutsi imene ikukumba, ndi kuti kulikita kwa usiku ndiko kutembenuka kwake. Munthu woganiza motere amachita zimene amachita ndi chimanga cha m'nkhokwe: amafuna mankhwala opha kachiromboko. Ena amafukiza, ena amatsendera fodya wopera m'bowomo, ena amaika mbulu wa asipulini pausinini, ndipo alipo olimba mtima amene amadonthezamo madzi a m'batire. Asipulini woikidwa chomwecho amawotcha usinini nasiya chilonda choyera, pamene madzi a m'batire ndi asidi woopsa amene amapsereza mnofu uliwonse umene waukhudza.

Chikhulupiriro chimenechi si cha Amalawi okha, ndipo mphunzitsi amene amaseka makolo pa chifukwa chimenechi sadziwa mbiri ya sayansi imene akuphunzitsa. Ku Babulo, zaka mazana ambiri Yesu asanabadwe, alembi adalemba pa mapale a dothi za nyongolotsi yodya mano. Ku Roma sing'anga wina, Scribonius Largus, adalangiza kufukiza mkamwa ndi utsi wa njere za chomera chotchedwa henbane, ndipo mchitidwe umenewu udakhala ku Ulaya zaka zoposa 1,500. Njerezo zikatentha zimaphulika nkutulutsa timphukira toyera topindika, wodwala nkumasonyezedwa kuti nazi mphutsi zatuluka. M'Chimalay mpaka lero muli mawu akuti ulat gigi, mbozi ya dzino. Zidatengera dokotala wa ku France, Pierre Fauchard, kulemba m'buku lake la m'chaka cha 1728 kuti iye adafunafuna nyongolotsizo m'mano ambiri koma sadazione.

Chodabwitsa nchakuti makolo aja sadaphonye kwambiri. Zamoyo zimene zimawononga dzino zilipodi, kungoti si mbozi. M'chaka cha 1683 Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland adapala zoyera za m'mano ake, naziyang'ana pa galasi lokuzira zinthu, napeza tinthu tamoyo tosawerengeka tikuyendayenda. M'chaka cha 1890 Willoughby Miller, dokotala wa ku America amene ankagwira ntchito ku Berlin, adasonyeza kuti tinthu timeneti tikadya zotsekemera timatulutsa asidi, ndi kuti asidiyo ndiye amasungunula dzino. M'chaka cha 1924 J. Kilian Clarke adapatula mtundu umodzi wa mabakiteriya amenewa m'mano owonongeka, naupatsa dzina lakuti Streptococcus mutans.

Apa ndi pamene Chichewa chimatchera msampha aphunzitsi ndi azaumoyo omwe. Liwu lakuti kachirombo limanyamula katundu wambiri: nyerere ndi kachirombo, nankafumbwe ndi kachirombo, choyambitsa malungo ndi kachirombo, choyambitsa Edzi ndi kachirombonso. Mlangizi wa zaumoyo akaimirira pansi pa mtengo nanena kuti mano amawonongeka ndi tizirombo, iye akuganiza za mabakiteriya, pamene agogo okhala pamphasa akumva kuti boma lavomereza za mbozi zija. Onse awiri amabalalika okhutira, koma sanamvane. Ndipo agogowo akabwerera kwawo akafunabe mankhwala opha kachirombo, pamene chofunika chinali kukamana chakudya.

Njira yabwino yolongosolera nkhaniyi ili kukhitchini. Mayi aliyense wa m'chigwa cha Domasi amadziwa kuti thobwa la lero ndi lotsekemera, la mawa layamba kusasa, ndipo la mkuja limayayamiritsa mano. Palibe amene adathiramo mandimu. Mabakiteriya osaoneka ndi maso adya kutsekemera kuja nakusandutsa asidi. Zimene zimachitika mumtsuko wa thobwa kwa masiku awiri zimachitika pa dzino m'mphindi zochepa, ndipo asidi wake ndi wa mtundu womwewo. Mabakiteriya saluma dzino ayi, alibe mano. Iwo amadya shuga, nkusiya madzi osasa pa dzinopo, ndipo madzi osasawo amasungunula mchere wa kasiyamu umene udamanga chikuto chija. Mwana amene wamva kuti mkamwa mumasasa ngati thobwa wamva sayansi yonse ya Miller m'chiyankhulo chake.

Mabakiteriyawo sakhala omwazika. Amadzimangira mudzi wonanda pa dzino, makamaka m'mphepete mwa usinini, pakati pa mano ndi m'mizere ya pamwamba pa zitsakano, mano akuluakulu otafunira aja. Achingerezi amautcha mudzi umenewu plaque. M'Chichewa anthu amangoti litsiro la m'mano kapena zotsalira za chakudya, ndipo mawu amenewa amanamiza, chifukwa zotsalira za chakudya zimachoka ndi kuchukucha madzi, pamene ichi sichichoka. Mwana aliyense amene adatererekapo pa mwala wa mumtsinje wa Domasi amadziwa ndere: madzi amayenda pamwamba pake usana ndi usiku koma siichoka, imafuna kukwecha, ndipo ikakwechedwa imameranso. Olemba mabuku akadachita bwino kulingalira za mawu akuti ndere za m'mano. Mawuwa amanena zinthu zitatu nthawi imodzi: kuti chinthucho ndi chamoyo, kuti madzi okha sachichotsa, ndi kuti kutsuka kwa dzulo sikuthandiza lero.

Pali chinthu china chimene mawu onse a kumudzi sachitchula, ndicho nthawi. M'zaka za m'ma 1940 katswiri wa ku America, Robert Stephan, adayeza kusasa kwa ndere zimenezi munthu atangochukucha madzi a shuga. Adapeza kuti m'mphindi zochepa muyeso wa pH, umene ana a sekondale amaudziwa, umatsika kwambiri. Ukafika pansi pa 5.5 chikuto cha dzino chimayamba kusungunuka, ndipo pamapita mphindi 30 mpaka 60 kuti malovu athetse asidiyo. Malovu, amene anthu amawanyoza ndi kuwalavula, ndiwo mmisiri wa mkamwa. Amatsuka, amazimitsa asidi, ndiponso amabwezera pa dzino mchere uja udasungunuka. Dzino limatha ndi kumangidwanso tsiku lililonse, ndipo bowo limabwera pamene kutha kwapambana kumangidwa.

Tanthauzo lake nlakuti kuchuluka kwa shuga si nkhani yokha. Nkhani yaikulu ndi kangati pa tsiku shugayo akulowa mkamwa, ndiponso akukhalamo nthawi yaitali bwanji. Izi zidatsimikizika pa chipatala cha Vipeholm ku Sweden pakati pa 1945 ndi 1953, kumene odwala misala ankapatsidwa maswiti omata pakati pa chakudya ndi chakudya, mano awo nkuwonongeka kwambiri kuposa a anzawo amene ankadya shuga pa nthawi ya chakudya yokha. Kafukufuku ameneyo ndi wochititsa manyazi, pakuti odwalawo sadafunsidwe, ndipo lero sangaloledwe. Koma zimene adapeza zikuonekera pa chipata cha sukulu iliyonse. Mwana amene wadya nsima yake masana, namwa tiyi wotsekemera kamodzi, wapatsa malovu mpata wogwira ntchito. Mnzake amene wagula switi polowa m'kalasi, firizi pa buleki, bisiketi poweruka ndi nzimbe panjira, mkamwa mwake mwakhala mosasa kuyambira mmawa mpaka madzulo, ngakhale ndalama imene waononga ili yochepa. Choipitsitsa ndi khanda limene limagonekedwa ndi botolo la madzi otsekemera, chifukwa munthu akagona malovu amachepa zedi.

Agogo ambiri amafunsa kuti bwanji iwo adakalamba ndi mano awo osadziwa mswachi wa m'sitolo, pamene adzukulu akufumbwa mano asanamalize pulayimale. Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo yankho lake lili m'mbiri ya dziko lino. Shuga wa m'fakitale adayamba kupangidwa ku Nchalo m'chaka cha 1966, ndipo ku Dwangwa m'chaka cha 1979. Chisanafike chimenecho, shuga kumudzi adali chinthu cha alendo ndi cha Khirisimasi, ndipo kutsekemera kunkabwera ndi nyengo yake: mango, misale, nzimbe, uchi. Lero shuga amagulitsidwa m'timapepala pa okala iliyonse. Bungwe la World Health Organization lidalangiza m'chaka cha 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira pa tsiku, ndiwo masipuni ang'ono 12, ndi kuti kutsika kufika pa masipuni 6 nkwabwino koposa. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 limakhala ndi masipuni pafupifupi 8. Nzimbe nayo si yosalakwa monga ambiri amaganizira. Zinyalala zake zimakwecha mano ndithu, koma madzi ake ndi shuga yemweyo asanapite ku fakitale.

Gawo lofunika kwambiri la nthendayi ndi limene anthu salitchula nkomwe. Bowo lisanabwere, pa dzino pamaoneka kadontho kapena kamzere koyera mbuu ngati choko, kosawala ngati dzino lonse, kawirikawiri m'mphepete mwa usinini. Pamenepo mchere wayamba kuchoka koma denga likadali chiimire. Iyi ndiyo nthawi yokha imene dzino lingathe kudzichiritsa lokha, ngati shuga achepetsedwa, ndere zikwechedwa, ndipo mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride agwiritsidwa ntchito. Mayi amene waona kadontho koteroko pa mano akutsogolo a mwana wake amayesa kuti ndi mkaka kapena kuyera kwachibadwa, chifukwa palibe adamupatsa liwu lomuchenjeza. Chiyankhulo chili ndi mawu atatu a dzino limene latha kale, koma dzino limene likadapulumuka lilibe dzina lodziwika kwa onse. Madzi akatayika saoleka, ndipo apa madziwo amatayika anthu akuyang'ana.

Kusowa kwa mawu kumasokonezanso matenda osiyana. M'madera ena a dziko lino, monga Liwonde ndi Nathenje, madzi a pansi ali ndi fluoride wochuluka mwachilengedwe, kupitirira mamiligalamu 1.5 pa lita amene World Health Organization imati ndiwo malire. Ana okulira pa madzi otere amamera mano a mawanga oyera kapena ofiirira. Anzawo amawaseka kuti mano awo ndi owola kapena kuti satsuka mkamwa, chonsecho mawangawo adalowa m'dzino lisanamere, ndipo ngakhale atakwecha ndi mchenga sangachoke. Mphunzitsi amene amayendera ukhondo wa ana mmawa ndi kamtengo m'manja ayenera kudziwa kusiyana kumeneku asanachititse mwana manyazi pamzere. Nacho chiseyeye ndi nthenda ina. Chimagwira usinini, osati dzino: usinini umatupa, umatuluka magazi potsuka, mkamwa mumanunkha, ndipo patapita zaka fupa logwira mizu limatha, dzino labwinobwino nkuyamba kugwedera mpaka kuguluka. Gwero lake ndi ndere zomwe zija zikaunjikana m'mphepete mwa usinini ndi kuuma ngati mwala. Munthu amene waona magazi pa mswachi amaleka kutsuka pamalopo poopa kudzipweteka, pamene pamenepo ndi pofunika kutsuka kwambiri.

Mawu akuti mano oyamba nawonso apha mano ambiri. Mwana amamera mano 20, amene amaguluka limodzilimodzi kupereka malo kwa mano 32 a munthu wamkulu. Makolo amadziwa zimenezi, ana nkumaponya padenga dzino loguluka poyembekeza latsopano, choncho dzino la mwana likafumbwa anthu amati lisiyeni, liguluka lokha. Koma pali dzino limodzi limene limabwera mozemba. Mwana akafika zaka 6, msinkhu woyambira Sitandade 1, chitsakano choyamba cha ukulu chimamera kumbuyo kwa mano onse oyamba, popanda dzino lililonse kuguluka. Zimamera zinayi, ziwiri kumwamba ndi ziwiri kunsi. Popeza palibe chimene chidaguluka, makolo amaziyesa mano oyamba, ndipo zikafumbwa sadera nkhawa. Dzino limenelo silidzameranso. Ana ambiri amene amafika ku sekondale ali ndi gweru chakumbuyo adataya dzino limeneli, ndipo adalitaya chifukwa lidapatsidwa dzina lolakwika.

Si mawu onse amene ali ndi mlandu. Liwu lakuti mswachi lili ndi mbiri yosangalatsa. Lidachokera ku liwu la Chiarabu lakuti miswak, kamtengo kotafuna kunsonga kamene Asilamu amatsukira mano asanapemphere. Aswahili adaliyankhula kuti mswaki, nalibweretsa kuno pa njira za malonda zochokera ku gombe la nyanja ya mchere, zimene Ayao adaziyenda kwambiri. Liwu lomwelo lidalowera kum'mawa ndi chipembedzo chomwecho, kotero kuti ku Malaysia kamtengoko amakatcha siwak kapena kayu sugi. Mwana wa ku Domasi ndi mwana wa ku Kuala Lumpur amayankhula ziyankhulo zosiyana, koma pa kamtengo kameneka mawu awo ndi apachibale. Ndipo kamtengoko si konyozeka. Kogwiritsidwa ntchito modekha, dzino ndi dzino, mkati ndi kunja, kamachotsa ndere bwino lomwe. Chimene kamasowa ndi fluoride wokwanira.

Pa mankhwala otsukira mano Amalawi adatenga dzina la kampani imodzi nalisandutsa dzina la mankhwala onse, kotero kuti munthu amapempha Colgate ngakhale akufuna mtundu wina. Zimenezi zilibe kanthu, malinga ngati wogulayo akudziwa kuti chofunika pa chubupo si dzina kapena fungo, koma liwu lakuti fluoride. Ameneyu amalowa m'chikuto cha dzino nachilimbitsa kuti asidi asachisungunule msanga. Malangizo a madokotala ndi achidule: kutsuka kawiri pa tsiku, kamodzi kakhale kogonera, mankhwala a mwana akhale ochepa ngati njere ya nsawawa, ndipo pomaliza alavule thovu koma asachukuche ndi madzi. Langizo lomalizali limavuta chifukwa cha liwu lakuti kutsuka. Munthu wotsuka mbale amatsukuluza, ndipo mbale yotsala ndi sopo ndi yosatsuka. Koma wochukucha madzi atangotsuka mano amataya mankhwala amene adawagula asanagwire ntchito. Makala, phulusa ndi mchenga zimayeretsa mano pa kanthawi, koma zimatero mwa kupala chikuto chimene sichimeranso.

Atafika ku chipatala, wodwala amadziwa liwu limodzi lokha: kuzula. Liwu lakuti kumata dzino, ndiko kuchotsa pofumbwa ndi kutseka bowo kuti dzino likhalebe, ndi lachilendo kwa ambiri, ndipo sikulakwa kwawo. Kwa zaka zambiri dziko lino silidali ndi sukulu yophunzitsa madokotala a mano. Ntchito yaikulu m'zipatala za boma ndi za mishoni yakhala ikugwiridwa ndi othandiza madokotala ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, nthawi zambiri ndi zipangizo zochepa, ndipo odwala amafika mochedwa, dzino litatsala chigoba. Maphunziro a udokotala wa mano adayamba m'chaka cha 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow ya ku Scotland, dziko lomwe kudachokera Hetherwick. Nthawi imeneyo madokotala a mano m'dziko lonse sadali kufika 50, pa anthu oposa 17 miliyoni. Unduna wa Zaumoyo udakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya umoyo wa mkamwa m'chaka cha 2022. Pamene madokotala ali ochepa chotere, ndipo ambiri ali m'mizinda, munthu woyamba kuona mkamwa mwa mwana wa kwa Malemia ndi mayi ake, wachiwiri ndi mphunzitsi.

Pa mawu a ululu ndi pamene Chichewa chili cholemera, ndipo chuma chimenechi chimaonongeka pachabe chifukwa wodwala akafunsidwa amangoti dzino likuwawa. Dokotala amafuna kudziwa kuti likuwawa motani. Dzino limene limanyerenyetsa pomwa madzi ozizira kapena podya chotsekemera, kenaka nkusiya msanga, nthenda yake ikadali m'gawo lachikasu lija, ndipo kawirikawiri kumata nkokwanira. Limene limalasa, ululu nkukhalitsa chozizira chitachoka kale, kapena limene limalikita lokha usiku mpaka kudzutsa munthu, mtima wake watupa. Limene limapweteka polumira, ngati latalika kuposa anzake, nthendayo yafika kunsonga ya muzu. Ndipo pali chinyengo chimodzi chimene chapusitsa anthu ambiri: dzino limene lidavuta masiku angapo kenaka nkungoti zii. Mwini wake amayamika fodya kapena muzu umene adatsenderamo, koma dzinolo silidachire ayi. Mtima wake wafa, mabakiteriya akutsika ndi muzu kulowa m'fupa la nsagwada, ndipo patapita masabata kapena miyezi pamatuluka chithupsa cha mafinya.

Aphunzitsi a kumidzi ya m'chigwa cha Domasi, amene nthawi zina ndiwo amalamula ngati mwana atumizidwe kunyumba kapena ku chipatala, ayenera kudziwa zizindikiro zimene sizidikira mawa. Tsaya likatupa mpaka kutseka diso, kutupa kukatsikira kunsi kwa chibwano ndi kukhosi, mwana akatentha thupi, akalephera kuyasamula, kumeza kapena kupuma bwino, nkhaniyo siilinso ya dzino. Mafinya otere angathe kutseka njira ya mpweya kapena kulowa m'magazi, ndipo anthu amafa nawo. Chipatala chachikulu cha Zomba chili pa mtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera ku Domasi, ndipo mwana wotere ayenera kufika kumeneko, kapena ku chipatala chilichonse chapafupi, tsiku lomwelo.